Mwana Wopulupudza Nayenso Aphunzire

Sabata ino ndafuna kuti tikambirane za mwana amene tonsefe timamdziŵa, ngakhale kuti sitikonda kumtchula pagulu. Mwanayu ali pafupifupi m'mudzi uliwonse ndi m'kalasi iliyonse. Ukamtuma mchere amabwera ndi machesi. Ukamkhazika pamphasa, usanatembenuke n'komwe wakwera kale mumtengo wa mango. Kope lake limatayika sabata ndi sabata, pensulo sagona nayo masiku aŵiri, ndipo akulu akamalankhula iye amaŵadula mawu pakamwa. Kunyumba timamutcha wopulupudza, kusukulu amamutcha wosamva, anzake amamutcha mbuli. Maina onseŵa amaŵamva tsiku ndi tsiku mpaka iye mwini amayamba kuŵakhulupirira.

Ine ndine mayi ngati inu nomwe. Sukulu ndidalekeza Sitandade 8, ndipo kwa zaka zambiri tsopano ndakhala ndikutsogolera gulu la amayi kwathu kuno, komanso ndili m'gulu la amayi loyang'anira ana pa sukulu ya pulayimale ya m'dera lathu. Ntchito imeneyi yandiloŵetsa m'makomo ambiri ndi m'makalasi ambiri. Zimene ndaona kumeneko, pamodzi ndi zimene aphunzitsi ndi anamwino andiphunzitsa, ndizo ndikufuna kukugaŵirani. Mfundo yanga ndi imodzi: mwana wotere angathe kuphunzira, ndipo chithandizo chimene amafuna kwambiri sichilira ndalama ayi, chimalira kuti mayi ndi mphunzitsi amvane.

Poyamba tidziŵe kuti si mwana aliyense wopulupudza amene ali ndi vuto. Mwana ndi mwana. Kuthamanga ndi kuseŵera ndiyo ntchito yake. Koma alipo ana ena amene kusakhazikika kwawo kumaposa kwa anzawo a msinkhu womwewo, ndipo sikusintha ngakhale muŵalangize, muŵanyengerere kapena muŵakwapule. Madokotala vuto limeneli amalitcha ADHD, zilembo zinayi zoimira mawu a Chingerezi onena za kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi pamodzi ndi kusakhazikika kwa thupi. Dzinali lidayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1987, koma vutolo ndi lakale. M'chaka cha 1902 dokotala wa ana wa ku London, George Still, adafotokozera madokotala anzake za ana otere, ndipo adaona kuti ena mwa iwo adali anzeru ndithu, ochokera m'mabanja oŵalera bwino. Lero akatswiri amaŵerengera kuti mwa ana 100 alionse padziko lapansi, pafupifupi 5 ali ndi vutoli. Motero kalasi ya ana 100, monga zilili m'Sitandade 1 m'sukulu zathu zambiri, ingathe kukhala ndi ana otere asanu.

Vutoli limaoneka m'njira zitatu. Ana ena thupi lawo silikhala phee: amatakataka, amagwedeza miyendo, amadzuka pamalo pawo mphunzitsi ali pakati pophunzitsa. Ena amachita chinthu asanaganize: amayankha funso lisanathe, sapirira kudikira pamzere, amaoloka msewu osayang'ana. Enanso ndi ofatsa, koma maganizo awo sakhala pamene pali thupi lawo. Amayamba ntchito n'kuisiya pakati, amaiŵala zimene mwangoŵauza kumene. Ambiri ali nazo zonsezi pamodzi. Dokotala asananene kuti ndi ADHD amafuna kudziŵa ngati zizindikirozo zakhalapo kwa miyezi 6 kapena kupitirira, ngati zidayamba mwanayo asanakwanitse zaka 12, ndiponso ngati zikuoneka m'malo aŵiri kapena kuposa, monga kunyumba ndi kusukulu. Mwana amene wayamba kuvuta mwezi wathawu chifukwa m'nyumba mwaloŵa ndeu kapena maliro, ameneyo nkhani yake ndi ina.

Ine ndimazimvetsa potengera ntchito yathu ya pamtondo. Tikakonola chimanga timapeta, gaga n'kupita kwake, mphale n'kutsala m'lichero. Ubongo nawonso umapeta. M'kalasi umasunga mawu a mphunzitsi, n'kutaya kulira kwa mbuzi, phokoso la ngolo ndi manong'onong'o a ana ena. Kwa mwana wa ADHD kupetako sikuyenda bwino. Zonse zimamfika pamodzi ndi mphamvu yofanana, ndipo chimene chafika pomaliza ndicho amatsata. Nzeru ali nazo, makutu ali nawo, koma mbali ya ubongo imene imasankha ndi kuletsa imakhwima mochedwa. N'chifukwa chake mwana yemweyo angathe kukhala maola aŵiri akupanga galimoto ya mawaya osatopa, koma n'kulephera kukhala mphindi 10 pa masamu. Chimene chamkoka mtima amachigwiritsa. Chimene sichimkoka chimampulumuka. Sachitira dala.

Kodi chimayambitsa n'chiyani? Apa mvetsetsani, pakuti amayi ambiri akhetsa misozi ndi mawu akuti, "Mwanayu mwamuononga ndinu." Ofufuza adapeza kuti vutoli kwakukulu limayenda m'magazi, monga momwe kutalika ndi kufupika kumayendera m'mtundu. Mukafunsa bwino kuchimuna kapena kuchikazi, kaŵirikaŵiri mupeza amalume kapena agogo amene adali chimodzimodzi ali ana. Limapezekanso kwambiri mwa ana obadwa masiku asanakwane ndi obadwa ochepa thupi kwambiri. Kwathu kuno kulinso china. Madokotala ofufuza pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre adatsatira ana 132 amene adachira malungo a mu ubongo, ndipo m'chaka cha 2010 adalengeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa 10 alionse adayamba khalidwe losakhazikika ndi lovuta kuliwongolera. Tsono ngati mwana wanu adakomoka ndi malungo nadzuka ali wosinthika, auzeni aphunzitsi ndi adokotala mbiri imeneyo. Si ufiti, si mizimu, si shuga wa m'tiyi, ndipo si kulephera kwanu.

Tsopano tiloŵe m'sukulu. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere m'chaka cha 1994, chiŵerengero cha ana chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni m'kanthaŵi kochepa. Chidali chinthu chabwino, koma makalasi adadzaza, ndipo mpaka lero m'sukulu zambiri mphunzitsi mmodzi amayang'anira ana oposa 60 amene boma limafuna. M'chikhamu chotere mwana wopulupudza amaonekera msanga, ndipo mankhwala amene anthu amathamangira ndi aŵiri: ndodo ndi kubwereza kalasi. Onse aŵiriŵa sachiza. Ndodo imamkhazika pansi mphindi zisanu, kenaka amayambiranso, popeza siifika pamene pali vuto. Ndiponso malamulo a Unduna wa Maphunziro salola kukwapula ana kusukulu. Kubwereza kopanda chithandizo china kumangomkhazika pakati pa ana aang'ono kwa iye, kuti amvenso zomwe zija zidamtopetsa chaka chatha. Mapeto ake timaŵadziŵa. Amayamba kujomba, kenaka timamuona pamsika akunyamulira anthu katundu kapena kudambo ali ndi ng'ombe, za sukulu zitathera pomwepo.

Komabe sukulu zathu sizili chimanjamanja. Lamulo la Maphunziro la 2013 lidanena kuti mwana aliyense ayenera kuphunzira sukulu ya pulayimale, ndipo m'chaka cha 2017 Unduna udatulutsa ndondomeko yoti ana onse, ngakhale amene ali ndi zovuta zapadera, aziphunzira pamodzi ndi anzawo osasalidwa. Ku Nguludi m'boma la Chiradzulu kuli koleji ya Montfort, imene imasula aphunzitsi apadera: ena a ana osaona, ena a ana osamva, ndi ena a ana ovutika kuphunzira. Otsirizaŵa ndiwo a mwana wathuyu. Ena mwa iwo amakhala pa sukulu zimene zili ndi chipinda chapadera chothandiziramo ana, pamene ena amayendera sukulu zingapo za m'zoni imodzi. Ndi ochepa ndithu, ndipo sangadziŵe za mwana wanu ngati palibe woŵauza. Njira yake ndi iyi: mumayamba ndi mphunzitsi wa m'kalasi, kenaka mphunzitsi wamkulu, ndipo iyeyo amadziŵitsa mlangizi wa sukulu za m'zoni, amene timangoti a PEA.

Maiko ena adayamba kale kuyenda njira imeneyi, ndipo pali chimodzi chimene tingatoleko. Ku America lamulo la 1975 lidakhazikitsa kuti mwana wofuna chithandizo chapadera azilemberedwa pulani yakeyake, imene makolo ndi aphunzitsi amakonzera pamodzi. Ku England sukulu iliyonse ya boma imakhala ndi mphunzitsi mmodzi woyang'anira ana otere. Chuma chawo ife tilibe, koma mutu wa nzeru yawo sugulidwa: mwana aliyense akhale ndi dongosolo lake lolembedwa, ndipo kholo likhalepo polikonza. Pepala limodzi la m'kope likwanira.

Nanga m'dongosolomo mumakhala zotani? Choyamba ndi malo okhala. Mwanayo akhale kutsogolo, pafupi ndi mphunzitsi, kutali ndi khomo ndi zenera, pambali pa mnzake wodekha. Chachiŵiri ndi kalankhulidwe. Mphunzitsi amutchule dzina, adikire kuti amuyang'ane, amuuze chinthu chimodzi chokha, ndipo mwanayo abwereze zimene wamva. Chachitatu ndi kudula ntchito. M'malo mwa masamu 20 nthaŵi imodzi, apatsidwe asanu, akaonetse, kenaka apatsidwe asanu ena. Ntchito ndi yomweyo, koma yaloŵa monga nsima, mbamu imodziimodzi.

Chachinayi ndi kumpatsa mpata woyenda. Thupi limene likufuna kudzuka lidzadzuka ndithu, choncho kuli bwino lidzuke ndi chilolezo. Afufute bolodi, agaŵe mabuku, akatenge choko ku ofesi, aimbe belu. Ndipo asalangidwe pomtsekera m'kalasi nthaŵi yopuma, chifukwa kuthamanga kwa panja kuja ndiko kumamthandiza kuti akhazikike akabwerera. Chachisanu ndi kumuyamikira msanga. Mwana wotere sadikira mphatso ya kumapeto kwa teremu. Mawu akuti "wachita bwino" ayenera kumfika pomwepo, chinthucho chikadali chotentha. Chachisanu ndi chimodzi ndi kumkumbutsa mobisa. Mphunzitsi ndi mwana angathe kupangana chizindikiro, monga kugogoda pang'ono padesiki, kuti abwerere ku ntchito popanda kumchititsa manyazi pamaso pa anzake. Pa mayeso, mwana wotere amathandizika akakhala pamalo a phee ndi kupatsidwa nthaŵi yoonjezera. Taŵerengani zonsezi, amayi, muone ngati pali chimodzi chofuna tambala.

Kuti musayese ngati ndikulota, ndikusimbireni za mnyamata wina wa pa sukulu yathu. Mayi ake ndi a m'gulu lathu, ndipo andilola kusimba popanda kutchula dzina. Adali ndi zaka 11 ali m'Sitandade 3 kachitatu, ndipo bambo ake adali atagamula kale kuti teremu ikatha akaŵete mbuzi. Gulu lathu lidapempha mphunzitsi wamkulu kuti aitanitse mphunzitsi wapadera wa m'zoni. Iyeyo adabwera panjinga, nakhala kumbuyo kwa kalasi masiku aŵiri akungoyang'ana. Adapeza kuti mnyamatayo ankakhala pakhomo penipeni, pamene aphunzitsi adamuika kuti asasokoneze ena, ndipo kuchokera pamenepo ankaona msewu wonse ndi aliyense wodutsa. Adamsamutsira kutsogolo, nampatsa udindo wosunga choko.

Koma chimene chidasintha zinthu kwambiri ndi kakope kakang'ono. M'menemo adalemba zinthu zitatu zokha: kukhala pamalo pake mpaka belu, kumaliza masamu asanu, ndi kukweza dzanja asanayankhe. Tsiku lililonse mphunzitsi ankachonga zimene wakwanitsa, ndipo madzulo mayi ake ankaona kakopeko. Mayiyo saŵerenga kwenikweni, koma kuŵerenga zochonga amatha. Zikakwana ziŵiri mwa zitatu, mnyamatayo ankaloledwa kukwera njinga ya bambo ake kuzungulira bwalo. Zikapereŵera sankamenyedwa, ankangouzidwa kuti maŵa ndi tsiku lina. Chaka chimenecho adakhoza, ndipo lero ali m'Sitandade 6. Sindikuti adasanduka mwana wina. Kupulupudza akupulupudzabe, pensulo yake ndi yomangirira ndi chingwe kuthumba, ndipo alipo masiku amene kakope kamabwera kopanda chochonga n'chimodzi chomwe. Koma ali pasukulu, amaŵerenga, ndipo kalata za pakhomo amaŵerengera mayi ake ndi iyeyo. Akatswiri a maphunziro njira imeneyi ya kakope ka tsiku ndi tsiku adaiyesa m'maiko ena, naipeza kuti ndi imodzi mwa zothandiza kwambiri.

Tisaiŵale atsikana. Anyamata ndiwo amadziŵika kwambiri ndi vutoli chifukwa amasokosa, pamene atsikana ambiri ali ndi mtundu wofatsa uja. Mtsikana wotere sasautsa munthu m'kalasi. Amangoyang'ana kunja, kope lake lili ndi mutu wa phunziro wokhawokha, ndipo kunyumba ndiwo zimapserera iye ali pomwepo. Timamutcha waulesi, kapena kunena kuti sukulu si yake, ndipo akasiya palibe amadabwa. Tsono mukadziŵa kumene amathera atsikana osiya sukulu ali aang'ono, mudzavomereza kuti kufatsa kwakeko n'kumene kumamuika pangozi. Mwana wanu wamkazi akamabwereza kalasi mwakachetechete, funsani mafunso omwewo amene mukadafunsa za mnyamata waphokoso.

Musanafike ponena kuti ndi ADHD, pitani naye kuchipatala akamuone zinthu zina zimene zimafanana nayo. Mwana wosaona bwino pabolodi amatopa n'kuyamba kugwira anzake. Mwana wotuluka mafinya m'khutu samva theka la zimene zanenedwa. Kuchepa kwa magazi, njoka zam'mimba ndi likodzo zimafooketsa maganizo. Ulipo mtundu wa khunyu umene sugwetsa mwana pansi, koma amangoti duu kwa kamphindi, maso ali tong'o, kenaka n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Umenewu uli ndi mankhwala ake. Kusagona mokwanira ndi njala nazonso zimasokoneza. Phala la kusukulu, monga limene bungwe la Mary's Meals lidayamba kupereka m'dziko muno m'chaka cha 2002, lakhazika pansi ana ambiri amene ankaoneka ngati osamva pamene vuto lawo lidali m'mimba.

Zonsezi zikapezeka kuti zili bwino koma vuto lilipobe, pemphani kuonana ndi namwino kapena dokotala woona za maganizo pa chipatala cha boma lanu. Musaope dzinalo, kupita kumeneko sikutanthauza kuti mwana wapenga. Ku Mzuzu a St John of God amathandiza ana a zovuta zosiyanasiyana za kakulidwe, ndipo zipatala zikuluzikulu zili ndi madokotala a ana. Mankhwala a ADHD alipo, odziŵika kwambiri ndi methylphenidate, ndipo amathandiza ana ambiri, koma woŵalemba ndi dokotala yekha, atamuyeza mwanayo, ndipo amafunika kumamuonanso kaŵirikaŵiri. Ngakhale pamene apezeka, sachotsa ntchito ya mphunzitsi ndi ya kholo. Chonde musampatse mwana mapiritsi ogonetsa ogula pamsika kapena kamowa kuti afatse. Ndiponso musamtemere mphini n'kutaya mbuzi kwa asing'anga pa chinthu chimene palibe adamlodza.

Nanga inu mayi muchite chiyani sabata ino? Pitani kusukulu musanaitanidwe. Kholo loitanidwa limapita ndi manyazi, mphunzitsi naye amakhala atapsa kale mtima, ndipo zokambirana zimasanduka mlandu. Pitani teremu yoyamba, nthaŵi yoŵeruka, mwaulemu. Kumbukirani kuti munthu amene mukulankhula nayeyo watha tsiku lonse ndi ana 100, mwina pansi pa mtengo. Muuzeni zimene mwana wanu amachita bwino poyamba, kenaka zimene zimamvuta, ndipo mupemphe zinthu ziŵiri zokha: malo a kutsogolo ndi kakope kochonga. Kunyumba nako chitani chimodzimodzi. Mtumeni chinthu chimodzi nthaŵi imodzi, ikani nthaŵi yodziŵika yodyera, yolembera ndi yogonera, ndipo thumba la sukulu lilongedzedwe madzulo, likhale pamalo amodzi. Abambo a kunyumba muŵafotokozere modekha, pa nthaŵi yabwino, ndipo ngati n'kotheka mupite nawo kusukulu, pakuti mawu omva okha kwa mphunzitsi amaŵagwira mtima kuposa oŵauza ife.

Kwa inu a m'magulu a amayi ndili ndi pempho lapadera. Timayenda m'midzi kubweza atsikana amene asiya sukulu, ndipo ndi ntchito yabwino. Koma tiyambenso kufunsa za ana amene akadali m'kalasi koma ali pakhomo potulukira. Funsani aphunzitsi maina a ana amene abwereza kaŵiri, muyendere makolo awo, ndipo mayi amene akuopa kupita yekha ku ofesi mumperekeze. Nkhaniyi muikambenso pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, kuti mphunzitsi amene akuyesetsa adziŵe kuti sali yekha. Akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ana ambiri otere amakula nalo vutoli mpaka ukulu. Chimene chimasiyanitsa amene adzadziimire paokha ndi amene adzasoŵe pogwira, nthaŵi zambiri ndi chakuti adapeza munthu woŵamvetsa akadali m'makalasi oyambirira.

M'mera mpoyamba, amayi anzanga. Mwana amene akukutopetsani leroyo ali ndi mphamvu zimene anzake alibe, ndipo zikapeza njira zidzalima munda, zidzakonza injini, zidzaphunzitsa ana a ena. Lolemba likubwerali valani chitenje chanu, mugule kakope kamodzi, mukagogode pakhomo la kalasi yake. Tsalani bwino mpaka sabata yamaŵa.